Ngolo yopanda nyali ya ku Tarrytown

Usiku wa pa 21 Ogasiti 1915, bambo Martin ndi akazi awo anali pa ngolo yokokedwa ndi hatchi, akulowera ku Tarrytown, tauni ya m'mbali mwa mtsinje wa Hudson m'chigawo cha New York ku America. Pamalo pena pomwe msewu unkakhota, galimoto ya bambo Herzog inatulukira n'kuwomba ngoloyo. Onse awiri anagwera pansi, ndipo mwamunayo anamwalira. Ngoloyo inalibe nyali.

Mayi wamasiyeyo anapita kukhothi kukafuna chipukuta misozi. Ufulu umenewu sunali wakale kwenikweni. M'malamulo a ku England, omwe America inatengera, munthu akafa mlandu wake unkafera pomwepo, mpaka nyumba ya malamulo ya ku England inasintha zimenezi mu 1846, New York n'kutsatira mu 1847. Mayi Martin ankati Herzog analowerera mbali yosakhala yake pokhota, pakuti kumeneko galimoto imayenda chakumanja. Herzog ankati ngoloyo inangotulukira mumdima, ndipo lamulo la New York linkanena kuti ngolo iliyonse yoyenda pamsewu usiku ikhale ndi nyali. Panalibe umboni woti ankathamanga mopyola muyezo.

Ku America milandu yotereyi imagamulidwa ndi jury, anthu wamba osankhidwa m'deralo, omwe sanaphunzire zamalamulo. Iwo amamva mboni n'kuona yemwe akunena zoona. Koma asanakakambirane paokha, woweruza amawafotokozera zomwe lamulo likunena. Malangizo amenewa ndi amene maloya amalimbirana kwambiri, chifukwa khothi la apilo kawirikawiri silisintha zomwe jury yakhulupirira pa umboni, koma woweruza akalakwitsa pofotokoza lamulo, chigamulo chonse chikhoza kugwa.

Loya wa Herzog anapempha woweruza kuti auze jury kuti kusowa kwa nyaliko pakokha ndi umboni wokwanira woti malemuyo sanasamale, pokhapokha wina atsutse. Woweruza anakana. Anawauza kuti akhoza kuiganizira nkhani ya nyaliyo ngati umboni wina chabe, ndipo anavomera pempho la mbali ya mayiyo loti kuyenda opanda nyali sikusasamala pakokha. Jury inagamula mokomera mayi Martin.

Kuti munthu amvetse chifukwa chimene mawu ochepawa analemerera chonchi, ayenera kudziwa lamulo lina la nthawiyo. Wovulala akapezeka kuti nayenso analakwitsako, ngakhale pang'ono, sankalandira kalikonse. Panalibe zogawana mlandu. Choncho funso la nyali silinali lochepetsa ndalama, linali loti mayiyo alandira kapena abwerera chimanjamanja.

Herzog anachita apilo, ndipo khothi lapakati linathetsa chigamulocho. Mayi Martin anapitirira kukhothi lalikulu la New York, ndipo mu 1920 woweruza Benjamin Cardozo, yemwe pambuyo pake anakakhala m'khothi lalikulu la dziko lonse la America, analemba chigamulo chomwe ophunzira zamalamulo kumeneko amawerengabe mpaka lero pa dzina la Martin v. Herzog. Mfundo yake inali yakuti lamulo la nyali linaikidwa pofuna kuteteza miyoyo ya anthu pamsewu, ndiye munthu akaliphwanya popanda chifukwa chomveka, kumeneko ndi kusasamala kumene, osati chizindikiro chabe. Jury ilibe mphamvu yokhululukira munthu udindo umene nyumba ya malamulo inamupatsa. Cardozo anavomereza kuti payenera kuonekanso kuti kusowa kwa nyaliko ndi kumene kunathandizira ngoziyo, koma anati ngolo yosaoneka ikawombedwa ola lathunthu litadutsa dzuwa litalowa, munthu akhoza kuona kugwirizana kwake. Woweruza mnzake Hogan anatsutsa, poona kuti chomwe chinapha munthu ndi galimoto yomwe inasiya mbali yake. Ambiri anagwirizana ndi Cardozo, ndipo mayi wamasiyeyo sanalandire kanthu.

Ine ndikaiganizira nkhaniyi mtima umagawikana. Aliyense amene anayendetsapo galimoto usiku m'misewu yathu, n'kungoona ngolo ya ng'ombe kapena njinga ili pafupi kale popanda kanthu kowala, akudziwa kuti Cardozo sananame pa za nyali. Koma chomwe chinalanga mayi uja si lamulo la nyali ayi. Ndi lamulo lija lokana kugawana mlandu, lomwe linachititsa kuti kulakwa kwa mwamuna wake kufufute kulakwa konse kwa woyendetsa galimoto. Ndipo ndikuganiza kuti jury ija, pomukomera mayiyo, inkaona nkhanza imeneyi.

Sipanapite zaka makumi awiri khothi lomwelo linayamba kufewetsa mfundo yake. Mu 1939 linaweruza mlandu wa Tedla v. Ellman. Mayi wina ndi mchimwene wake, yemwe anali wosamva ndi wosalankhula, ankapeza ndalama potola zinthu zotayidwa n'kumazikankha pa timangolo ta ana. Tsiku lina Lamulungu madzulo ankayenda m'mphepete mwa msewu wa Sunrise Highway, atapatsa msana magalimoto, pomwe lamulo linkati woyenda pansi aziyang'anana nawo. Anasankha mbali imeneyo chifukwa mbali inayo kunali magalimoto ambiri. Galimoto inawawomba kumbuyo, mchimweneyo anamwalira. Woyendetsayo anadalira chigamulo cha Cardozo, koma woweruza Irving Lehman anati nyumba ya malamulo sikanafuna kuti munthu atsatire lamulo la pamsewu pomwe kulitsatira kukumuika pangozi yoposa. Mlanduwo unakomera banja lija.

Lamulo lomwe linamana mayi Martin chipukuta misozi linakhalapobe kwa zaka zina zambiri. New York inalichotsa mu 1975. Kuyambira pamenepo woweruza amauza jury kuti iyeze kulakwa kwa mbali iliyonse, ndipo ndalama zimangochepetsedwa malinga ndi gawo la wovulalayo kapena malemuyo.