Mmene ng'oma inalowera m'chaka cha Francisco Xavier ku Lifidzi

Nkhoswe ya mishoni ya Lifidzi, m'boma la Angónia ku Mozambique, ndi Francisco Xavier Woyera, ndipo tsiku lake limagwa pa 3 Disembala. Ikanakhala kuti anasankha ndi mlimi, sakanaloza tsiku limeneli. Mvula imakhala itayamba, udzu ukupikisana ndi chimanga m'munda, nkhokwe nayo itayamba kuonetsa pansi. Koma Xavier anamwalira pa 3 Disembala 1552 pa chilumba cha Shangchuan pafupi ndi China, choncho Mpingo unasunga tsikulo, ndipo akhristu amaimika khasu n'kupita ku chaka.

Munthuyu dziko la Mozambique analiona ndi maso ake. Pa ulendo wake wochoka ku Lisboa kupita ku Goa mu 1541, zombo zinaima pa Ilha de Moçambique miyezi ingapo kudikira mphepo, iye n'kumasamalira odwala kufikira kumayambiriro kwa 1542. Kumtunda kuno sanafikeko. Amene anabweretsa dzina lake ndi abale ake a m'chipani cha Ajezuiti, omwe anali atakhazikika kale ku Boroma m'mbali mwa Zambezi, pamene anakwera mapiri cha mu 1908 kudzatsegula mishoni pakati pa Angoni ndi Achewa a kufupi ndi phiri la Domwe.

Sanakhalitse. Mu 1910 ufumu unagwa ku Portugal, boma latsopano n'kuthamangitsa Ajezuiti. M'malo mwawo munabwera ansembe achijeremani a chipani cha Verbo Divino, koma nawonso anachotsedwa Portugal atalowa nkhondo yolimbana ndi Germany mu 1916. Ajezuiti anadzabwerera mu 1941, boma la Portugal litasainirana pangano ndi Vatican chaka cha 1940, ndipo mu 1945 anatsegula mishoni ina, ya Fonte Boa. Kuchoka ndi kubwera kumeneku kunaphunzitsa akhristu a kuno chinthu chimodzi msanga: wansembe atha kusowa, koma katekisiti ndi woyambitsa nyimbo amakhala a pamudzi pomwepo.

Chaka cha nkhoswe cha masiku amenewo sichikanamveka ngati cha lero. Misa inali m'Chilatini, wansembe atafulatira anthu, kwaya ikuimba nyimbo zochokera ku Ulaya. Ng'oma inkathera panja. Chifukwa chake chinali dambwe. Amishoni ankaona kuti ng'oma imene yaitana Gule Wamkulu usiku siyingalirenso pamaso pa guwa m'mawa, ndipo mkangano wa mpingo ndi nyau unali weniweni, osati wapakamwa pokha: wolowa gule ankaimitsidwa masakramenti, akudambwe nawo ankakaniza anyamata kusukulu ya mishoni. Mabanja ena anagawikana pa nkhani imeneyi. Ine sindinganene kuti amishoniwo analibe mfundo konse, pakuti mbali zonse ziwiri zinkalimbirana mwana mmodzi yemweyo. Koma poletsa ng'oma analetsa zambiri zosalakwa. Ngoma ya Angoni, ya zishango ndi zibonga ija, inalibe chochita ndi dambwe, chintali cha amayi chimodzimodzi, koma zonse zinkaonedwa ndi diso limodzi.

Chitseko chinatsegulidwa ndi msonkhano waukulu wa Vatican II, wa 1962 mpaka 1965. Chikalata chake cha mapemphero, chotuluka mu Disembala 1963, chinalola zilankhulo za anthu m'Misa n'kunenanso kuti nyimbo za makolo m'maiko a mishoni zipatsidwe ulemu ndi malo. Dayosizi ya Tete inali itangobadwa kumene mu 1962. Apa Angónia anali ndi mwayi umene madera ena analibe, chifukwa malire ake ndi dziko la Malawi ndi msewu chabe. Mabuku a mapemphero ndi nyimbo za Chichewa zinkadutsa kuchokera ku Dedza ndi ku Ntcheu m'zikwama za anthu obwera kumaliro ndi kumaukwati, ndipo nyimbo yoimbidwa tsidya lina inkafika tsidya lino isanazizire.

Chimene chinakhwimitsa zonsezi, komabe, ndi mavuto. Dziko litalandira ufulu pa 25 Juni 1975, boma linatenga masukulu ndi zipatala za mishoni mwezi wotsatira. Ansembe a ku Lifidzi anadzachoka pamishoni n'kukakhala pa Chapotera, mudzi wapafupi. Mu 1977 Mpingo unasonkhana ku Beira n'kugwirizana kuti moyo wake ukhazikike m'miphakati, timagulu ta akhristu oyandikana, akhristu eni ake akugawana ntchito. Kenako nkhondo. Pa 30 Okutobala 1985 anthu amfuti anatenga usiku ansembe awiri pa Chapotera, Bambo João de Deus Kamtedza, mwana wa ku Angónia konkuno, ndi Bambo Sílvio Alves Moreira wa ku Portugal, n'kuwapha. Midzi inathawira ku Malawi. M'misasa ya othawa nkhondo munalibe limba, munalibe mabenchi. Munali ng'oma yosemedwa ndi munthu wa pomwepo, maseche, visekese ndi manja. Anthu atabwerera pambuyo pa mtendere wa pa 4 Okutobala 1992, anabwera ndi kaimbidwe kameneko, ndiponso mavinidwe a atsikana otsogolera mdipiti amene anazolowera kutsidya.

N'chifukwa chake ndimati chaka chimenechi ndi cha anthu kuposa cha amishoni. Taonani mdipiti wa zopereka. Atsikana amatsogola m'mizere iwiri, nsalu zofanana, phazi likugunda pamodzi ndi ng'oma yaikulu, manja akutambasulidwa ngati opereka kanthu. Pambuyo pawo amayi asenza malichero a ufa, nyemba ndi mbatata ya kachewere imene Angónia amadziwika nayo mpaka ku Tete ndi ku Beira, wina wapanira nkhuku m'khwapa, ndipo nthungululu zimadula nyimbo pakati popanda wodandaula. Woyambitsa amaponya mzere umodzi, tchalitchi chonse n'kuvomera, monga amachitira pamtondo kapena pamaliro. Chifanizo cha woyerayo, mtanda uli m'dzanja, chimazunguliridwa ndi maluwa ndi nsalu zomwe amayi amachita kusonkherana.

Mkangano wakale uja sunatheretu. Mu 2005 bungwe la UNESCO linalemekeza Gule Wamkulu wa ku Malawi, Mozambique ndi Zambia ngati chuma cha anthu onse, ndipo ku Mua, tsidya la Dedza, malo a Kungoni amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976 amasunga zigoba za gule pamishoni penipeni. Koma m'midzi yambiri mkhristu wolowa kudambwe amaitanidwabe ndi akuluakulu a mphakati. Tsopano pabukanso nkhani ina: achinyamata akufuna kiyibodi ndi masipika, akuluakulu akuti makinawo akumiza mawu a anthu, ndipo amene akuikira kumbuyo ng'oma lero ndi adzukulu a akhristu omwe ankaikana pakhomo la tchalitchi.