Kukonza kumbuyo kwa vani kuti muzinyamuliramo njinga zamoto

Chichulukireni njinga za kabaza kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu, ntchito yonyamula njinga zamoto pagalimoto yachulukanso. Ena amakagula zatsopano ku Lilongwe, ena ndi amakanika otenga njinga yofera kumudzi, ena ndi a mabungwe operekeza njinga kwa alangizi awo. Ambiri amabwera pamalo anga owotcherera ndi Toyota Hiace kapena Nissan Caravan yochotsa mipando, n'kunena kuti, "Amisiri, tiyalireni matabwa pansipa, zingwe tili nazo kale." Matabwawo ndimayala ndithu, koma chomwe chimagwira njinga si thabwa kapena chingwe. Ndi pamalo pomwe chingwecho chakoledwa.

Tiyambe ndi zomwe njinga imachita galimoto ikamayenda. Njinga zambiri za kabaza zimalemera makilogalamu 110 mpaka 130. Muyezo womangira katundu womwe amatsatira ku Ulaya, wotchedwa EN 12195-1, umawerengera kuti dalaivala akaponda mabuleki mwamphamvu katundu amakankhira kutsogolo ndi mphamvu yokwana magawo 8 mwa magawo 10 a kulemera kwake, ndipo pakona amakankhira m'mbali ndi theka la kulemera kwake. Ndiye kuti njinga ya makilogalamu 120 imakankha ngati makilogalamu pafupifupi 96 kulunjika kumsana kwa dalaivala. Apa n'kuti mwangoponda mabuleki chifukwa mbuzi yadutsa pa Lizulu. Mukawomba chinthu pa liwiro la makilomita 50 pa ola, zimafanana ndi kuponya njingayo kuchokera pamtunda wa mamita pafupifupi 10. Amene anatsikapo Khwekhwerere kupita ku Golomoti akudziwa kuti kumeneko mabuleki ndi makona zimabwera nthawi imodzi, mtsetse wonse mpaka kunsi.

Chitsulo cha pansi pa vani n'chopyapyala, sichifika n'komwe mamilimita awiri. Mukangoboola n'kumangapo mphete yokolekapo malamba ndi bawuti ndi washala wamng'ono, tsiku lina washalayo adzang'amba chitsulocho n'kutulukira m'kati. Choncho mphete iliyonse imafuna bawuti ya M10 (yonenepa mamilimita 10) yolembedwa 8.8 pamutu, nambala yosonyeza kulimba kwake, yodutsa thabwa ndi chitsulo chomwe, ndipo kunsi kwake kukhale chitsulo chafulati chokhuthala mamilimita 4 kapena 5, chachikulu ngati chikhatho, choti mphamvu imwazikirepo. Mabawuti omwe ankagwira mipando ndi mwayi waukulu, chifukwa opanga galimoto analimbitsa kale malo amenewo. Mphete zanga zoyamba zimapita pamenepo ngati dzimbiri silinadyepo. Mphete yomangidwa ndi masikuluwu pa thabwa lokha sindiiwerengera, ngakhale ioneke bwanji.

Musanaboole, gonani pansi pa galimoto ndi tochi. Kunsi kuja kuli thanki ya mafuta, mapaipi a mabuleki ndi mawaya, ndipo chobowolera chikangopyola chimapitirira msanga. Bowo lililonse lipakidwe penti n'kumatidwa, apo ayi dzimbiri liyambira pomwepo, makamaka ndi nkhungu ya kuno ya mu June ndi July. Bowo losamata limalowetsanso fumbi ndi utsi wa ekizozi, womwe umagonetsa munthu asakudziwa. Ngati pali chowotcherera pa galimoto penipeni, batire lichotsedwe kaye.

Pansi ndimayala plywood ya mamilimita 18, yopaka penti mbali zonse ndi m'mphepete momwe. Mu penti womaliza ndimawazamo mchenga wosefa kuti nsapato zamatope zisamaterereke.

Chachiwiri ndi chogwira tayala lakutsogolo. Ndimachipanga ndi angle iron: ngalande yomwe tayala limalowamo mothina pang'ono, ndi chotchinga choimirira kutsogolo chofika mpaka pafupi ndi pakati pa tayala. Nachonso chimamangidwa ndi mabawuti opyola pansi. Tayala likakhala m'menemo silingapite kutsogolo kapena kukhotera m'mbali, ndipo malamba amakhala ndi chokokerapo. Popanda chimenechi, handulo imapindika pabampu loyamba, lamba wa mbali imodzi amakhwefuka, njinga n'kugona pa zenera. Hiace yambiri ili ndi malo otalika pafupifupi mamita atatu kumbuyo, pomwe njinga ndi ya mamita awiri, ndiye malo alipo. Njinga ziwiri zimakwana, koma mahandulo amagundana. Chogwira chimodzi chikhale kutsogolo kwa chinzake ndi masentimita 25 kapena 30 kuti mahandulo apitirirane. Kulemera kwambiri kukhale kutsogolo kwa matayala akumbuyo a galimoto, chifukwa katundu wounjikana kuchitseko amapepuza kutsogolo ndipo chiwongolero chimayamba kusamvera.

Pakati pa dalaivala ndi katundu payenera kukhala chotchinga cha zitsulo. Ena amachikana poti ndi ndalama zina. Ine ndimakakamira, chifukwa si njinga yokha yomwe imauluka. Jeke, sipanala ndi batire lapadera nazonso zimabwera kutsogolo.

Tsopano za malamba. Malegeni ndi abwino pomanga thumba pa kaliyala, koma amatamuka, ndipo chotamuka sichigwira njinga. Chingwe cha khonje chimakhwefuka chikauma. Gulani malamba okhala ndi chokhwimitsira chachitsulo, ndipo werengani kachikwangwani kake: pamalembedwa LC, kutanthauza mphamvu yomwe lambayo angapirire, ndi nambala ya daN, ndipo daN imodzi ndi pafupifupi kilogalamu imodzi. Lamba wopanda kachikwangwani, wotha ndi dzuwa kapena wodukaduka m'mphepete musamukhulupirire. Njinga iliyonse imafuna malamba anayi. Awiri akutsogolo adutse pa chitsulo cholumikiza mafoloko pansi pa nyali, osati pa mphira zogwirira, ndipo asapane paipi ya buleki kapena mawaya. Atsike chopendekera kutsogolo ndi m'mbali, kuti azikokera tayala m'ngalande muja. Khwimitsani mosinthana, uku pang'ono uko pang'ono, mpaka mafoloko atsike pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa mbali zonse ziwiri. Wokoka mpaka mafoloko atathera amavutitsa masilu, n'kudzapeza oyilo akuchucha. Wosiya mopepuka amapeza kuti pabampu njinga yatsika yokha, lamba wakhwefuka kwa kamphindi, ngowe n'kuvuka. N'chifukwa chake ngowe zotseka ndi zabwino kuposa zotsegula. Awiri akumbuyo ntchito yawo ndi yoletsa tayala lakumbuyo kudumphira m'mbali. Sitandi ikhale yopinda, njinga iime chilili. Sitandi yotsitsa imaboola thabwa kapena kupindika.

Malamba amakhazikika mukayenda pang'ono. Mukanyamuka pa boma la Dedza kulowera ku Ntcheu, imani pofika pa Bembeke, gwedezani njinga ndi dzanja. Ngati galimoto ikugwedezeka nayo limodzi, zili bwino.

Pokweza, pansi pa Hiace ndi potalika pafupifupi masentimita 60 kuchokera padothi, ndiye chokwezera chisachepere mamita awiri, ndipo chimangidwe kugalimoto kuti chisaterereke tayala likafika pamwamba. Thabwa lopyapyala lokhazika pa bampala lathyola miyendo ya anthu. Kumudzi bwezerani galimoto pafupi ndi chulu kapena mtumbira kuti chikweza chichepe. Musakwere njinga injini ikulira. Kankhani awiri, wina atagwira buleki yakutsogolo, ndipo samalani magalasi pa khomo.

Petulo ndi nkhani ina yomwe sindifuna muipeputse. Tsekani mpopi wa mafuta wa njinga musanakweze, chifukwa kabuleta ikamagwedezeka imasefukira. Nthunzi ya petulo ndi yolemera kuposa mpweya, choncho imaunjikana pansi, pomwe mphuno ya dalaivala sipafika msanga. Thanki ya njinga ikhale ndi mafuta ochepa, pakhale polowera ndi potulukira mpweya, chozimira moto chikhale pofikirika, ndipo fodya asayatsidwe m'menemo. Zipangizo zolemera zikhale m'bokosi lomangidwa ndi mabawuti pansi, pafupi ndi chitseko cham'mbali. Mahelemeti ndi majekete okha ndi omwe angapachikidwe m'mwamba.

Pomaliza, yang'anani kachitsulo kolembedwa GVM pagalimoto yanu. Kameneko kamanena kulemera konse kololedwa, kuphatikiza matabwa, zitsulo zomwe tawonjezerazi, anthu ndi mafuta. Njinga ziwiri, bokosi la zipangizo ndi anthu atatu zatenga kale gawo lalikulu, ndiye matumba a mbatata ya kachewere ogula panjira muziwawerengeranso. Ngati galimoto inalembedwa ngati yonyamula anthu ndipo mukuchotsa mipando, kafunseni kaye ku Road Traffic musanaboole chilichonse, kuti mapepala ndi inshuwalansi zigwirizane ndi ntchito yomwe galimotoyo izigwira mukamakatenga COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu.