Sea lion ikamazandima pagombe sikuti yazolowera anthu

Mukaona sea lion, nyama yoyamwitsa ya m'nyanja yokhala ndi zipsepse m'malo mwa miyendo, ili pamchenga m'mphepete mwa nyanja yamchere, mutu ukungogwedezeka uku ndi uku, thovu kukamwa, osathawa olo muyandikire, nthawi zambiri imeneyo yadya poizoni. Chomwe chimatipweteka ife a zachipatala cha nyama nchakuti ena amathamangira kuijambula ndi foni, ena kuikankhira m'madzi ati kuithandiza, chonsecho ikagwa khunyu ili m'madzimo ndiye kuti yamira basi.

Gwero lake ndi ndere, koma osati zoterera zapamwala zija ayi, izi ndi ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso totchedwa Pseudo-nitzschia, ndipo tikachulukana timatulutsa poizoni wotchedwa domoic acid. Tinsomba ngati anchovy ndi sardine timadya nderezo, poizoni nkudzadza m'mimba mwake, ndiye sea lion kapena mbalame ikameza tinsomba tambirimbiri tsiku limodzi yadziunjikira yokha. Poizoniyu amalimbana ndi ubongo, makamaka mbali yosunga chikumbumtima cha malo ndi njira yotchedwa hippocampus. Ku Monterey Bay ku California mu 1998 ma sea lion oposa 400 anafa nazo zimenezi. Anthunso sawasiya, mu 1987 ku Prince Edward Island ku Canada anthu oposa 100 anadwala atadya nkhono za m'nyanja, atatu anamwalira, ena anatsala ndi vuto loiwalaiwala.

Nderezi zimakhalamo kale mwachilengedwe, tisanamizane, koma ife timazinenepetsa. Fetereza wokokoloka m'minda ndi zonyansa za m'masuweji zikalowa m'nyanja ndi chakudya chake chimenecho, madzi akatenthanso ngati momwe zinalili mu 2015 kugombe la kumadzulo kwa America ndiye zimachita kufalikira dera lalikulu.

Mankhwala othetsa poizoniyu kulibe. Chomwe malo osamalira nyama ngati The Marine Mammal Center ku Sausalito amachita nkuyiika madzi pansi pa khungu ngati dripi kuti impso zisefe poizoni atuluke ndi mkodzo, kuibaya mankhwala oletsa kugwa khunyu ngati phenobarbital, kenako kuidyetsa nsomba zopanda poizoni, ndipo zikafika msanga zina zimachira nkubwerera kunyanja pakatha masabata ochepa. Zazikazi zabere ndiye zimavutika kwambiri, zambiri zimapoloza, ndipo mwana akabadwa wamoyo amatha kudzayamba khunyu atakula chifukwa poizoni anamupeza ali m'mimba.

Zovuta ndi zija zachedwa. Poizoni amatuluka m'thupi inde, koma ubongo ukawonongeka subwerera, nyamayo imadya bwinobwino mu khola kumaoneka yonenepa, koma mukaimasula imasochera, ena amakaipeza pamsewu kutali ndi madzi. Zoterozo dokotala amaunika kaye ubongo, akaona kuti palibe chomwe chingasinthe amaibaya jekiseni yoti ife mosamva ululu kuti isamazunzike.