Kudya m'nyumba ya kanema sikutanthauza phokoso

Kwa zaka zambiri ndakhala ndikumva anthu akubwereza kuti nyumba za kanema za ku America zimene zimaperekera owonera chakudya ndi zakumwa pampando zimakhala ngati lesitilanti yodzaza, moti munthu sangatsatire nkhani ya filimu. Ndatopa nazo, chifukwa ambiri onena zimenezi anangozimva kwa anzawo.

Kudya poonera kanema si chinthu chachilendo, popeza mbuliwuli zinafala m'nyumba za kanema m'zaka za m'ma 1930, ndipo mumzinda wa Austin ku Texas anthu akhala akulandira chakudya chophikidwa ali pampando kuyambira mu 1997. Eni nyumba zoterezi anaganizira kale za chisokonezo. Owonera ambiri amaitanitsa chakudya filimu isanayambe, ndipo amene akufuna china pakati pa filimu salankhula: m'malo ena amalemba pakapepala n'kukaimika m'mphepete mwa tebulo, pomwe m'malo ena amadina batani. Mizere ya mipando imatalikirana, kotero woperekera amadutsa chowerama, n'kuika mbale mwakachetechete pansi pa kuwala kochepa, kenako n'kuchoka. Kulira kwa supuni kumamveka nthawi zina, sindikukana, koma malo ena otere ndiwo amakhwimitsa malamulo mpaka kutulutsa wolankhula kapena woyatsa foni.

Amene akukayika angathe kuwerenga malamulo amene nyumba zina zimalemba pa intaneti, kuona zithunzi za mmene mipando inaikidwira, ndiponso kufunsa munthu amene analowamo yekha. Chonde, musanauze wina nkhaniyi, yambani mwachita zimenezi.