Laisensi wamba siyokwanira kuti munyamule anthu oitanitsa galimoto pa foni

Kwa zaka zambiri ndakhala ndikumva zoti munthu ukakhala ndi laisensi ndi galimoto, basi ungolembetsa pa foni n'kuyamba kunyamula anthu, ndalama zapadera n'kumalowa. Zanditopetsa.

M'mayiko ambiri, kunyamula anthu olipira kumafuna chilolezo china. Amafufuza ngati munapalamulapo mlandu, zaka zimene mwakhala mukuyendetsa, komanso ngati galimotoyo ili bwino. Kulembetsa ku kampani sikulowa m'malo mwa chilolezo cha boma. Chimene ambiri amaiwala ndi inshuwalansi: ya galimoto yapakhomo kawirikawiri siilipira ngozi ikachitika mutanyamula kasitomala, ndiye ndalama zonse zimatuluka m'thumba mwanu.

Musanauze mnzanu kuti "ingoyamba", funsani kaye ku ofesi yoona za pamsewu kwanuko, ndipo werengani bwinobwino pepala la inshuwalansi yanu.