Kumanga chingwe sikupulumutsa wolumidwa ndi njoka

Ambiri oyenda m'tchire amakhulupirirabe kuti njoka ikaluma munthu, timange chingwe molimba pamwamba pa bala, titemepo ndi lezala n'kuyamwa ululu. Zimenezi zimaononga kuposa kuthandiza.

Chingwe chimatseka magazi. Ululu wa mphiri umawoletsa mnofu, ndiye mukautsekera pamalo amodzi popanda magazi oyenda, mwendo ukhoza kufa mpaka kuchipatala n'kuudula. Komanso chingwecho chikamasulidwa, ululu umalowa m'thupi nthawi imodzi. Kutema kumawonjezera kutaya magazi ndi kulowetsa majeremusi, pomwe kuyamwa sikutulutsa ululu wokwanira kusintha chilichonse. Mwala wakuda umene ena amaika pa bala nawonso sukoka ululu.

Chotsani wolumidwayo pamalopo, njokayo musaithamangitse. Muvuleni mphete, wotchi ndi nsapato chiwalo chisanatupe. Mangirirani mwendowo ku kamtengo momasuka kuti usapindike, ndipo munyamuleni. Akamayenda yekha ululu umafalikira msanga. Lembani nthawi imene walumidwa. Akayamba kusanza, mugonekeni cham'mbali.

Ululu wa mamba umafooketsa minofu yopumira, choncho akasiya kupuma mupumireni m'kamwa mpaka mufike kuchipatala. Kumeneko n'komwe kuli mankhwala enieni olimbana ndi ululu. Njoka ikamulavulira m'maso, tsukani ndi madzi ambiri mwachangu.