Loweruka likachera mvula, tengani ana mupite ku Mua

M'dzinja muno, mvula ikayamba m'mawa, makolo ambiri amangotsekera ana m'nyumba kuti azionera kanema. Ine ndimaphunzitsa zojambula ndi zosema, ndipo tsiku lotere ndi limene ndimakonda kupita ndi ana kunyumba zosungiramo zaluso. Kunja sikuwakopa, choncho maso awo amakhazikika pa chimene chili patsogolo pawo.

Malo amene ndimalangiza kwambiri ndi Kungoni, pa Mishoni ya Mua m'boma la Dedza, kufupi ndi Mtakataka. Mishoniyi inakhazikitsidwa mu 1902, ndipo mu 1976 Bambo Claude Boucher, wansembe wochokera ku Canada, anayambitsa Kungoni kuti osema ndi ojambula a m'derali azikulitsirapo luso lawo. Pomwepo pali nyumba ya Chamare, yofotokoza miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao, ndipo muli nkhope za Gule Wamkulu mazanamazana.

Kuchulukako n'kumene kumasokoneza mabanja. Bambo amaganiza za mafuta a galimoto amene awononga, ndiye amafuna kuti ana aone chilichonse, n'kumawakoka dzanja chipinda ndi chipinda. Mwana sachedwa kutopa, ndipo akatopa saonanso kanthu ngakhale maso ali chitong'olere. Sankhani zinthu zitatu zokha. Imani pa chimodzi nthawi yaitali, ndipo musathamangire kumuwerengera zolembedwa pambali. Mufunseni: "Waona chiyani? Maso akewa akuyang'ana kuti? Wosemayu amafuna kuti tiope kapena tiseke?"

Tsiku lina mtsikana wa Sitandade 4 anaima pa chosema cha mayi wobereka mwana, n'kuloza timizere ta pansalu yoberekera. "Aphunzitsi, apa anaiwala kusalaza?" Ayi, sanaiwale. Wosemayo anasalaza nkhope ya mayiyo mpaka kuwala, koma pansalu anasiya dala mikwasa ya kasemasema kuti mtengo uoneke ngati nsalu yokwinyika. Mwanayo anadzitulukira yekha chimene ndikanatha ola lathunthu ndikufotokoza pa bolodi.

Ngati agogo alipo, atengeni. Pa nkhope ya Chadzunda kapena ya Maliya iwo angasimbe zimene inu simukuzidziwa. Akafika pena n'kukhala chete, musawakakamize, chifukwa zakudambwe sazinenera pagulu. Mu 2005 bungwe la UNESCO linaika Gule Wamkulu m'gulu la chuma cha chikhalidwe cha dziko lonse lapansi, komabe eni ake alipo ndipo akuvinabe. N'chifukwa chake muzifunsa kaye musanajambule ndi foni. Mwana wamng'ono akachita mantha, mutulukeni naye akapume pakhonde.

Za kusakhudza, auzeni ana chifukwa chake m'malo mongowakalipira. Mtengo umamwa chinyezi m'dzinja n'kufufuma, kenako umauma m'chilimwe, ndipo kusinthasinthako kumaung'amba pang'onopang'ono. Thukuta ndi mafuta a m'manja zimadetsa utoto, ndipo chinyezi chimabweretsa nkhungu pa nthenga ndi nsalu za nkhopezo. Maambulera onyowa asiyeni pakhomo.

Ochokera ku Dedza atsike msewu wa Golomoti mosamala, pakuti ndi wokhotakhota ndipo umaterera mvula ikagwa. Zithunzi za m'mapanga a Chongoni zisungireni nyengo yadzuwa. M'chikwama muikemo kope ndi pensulo ya mwana aliyense, kuti musananyamuke akhale pansi n'kujambula chinthu chimodzi chimene chamugwira mtima.